Dzuwa likangolowa amuna anga amasokonezeka

Funso: Amuna anga ali ndi zaka 74, ndipo anali kapitawo m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Achipatala anati ali ndi matenda oiwalaiwala, a dementia. Masana amakhala phee pakhonde, koma kukayamba kuda amalongedza zovala, akuti akuchedwa kuntchito. Pakati pa usiku amalimbana ndi chitseko, nthawi zina kundifunsa kuti ndine yani. Kodi ndiwagulire mapiritsi ogonetsa? Mayi wotopa, Bvumbwe.

Yankho: Pepani mayi, mtolo mwasenzawu ndi wolemera. Koma mapiritsi ogula nokha ayi. Piriton ndi diazepam amawonjezera kusokonezeka kwa munthu wokalamba, ndipo akadzuka ali dzandidzandi amagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Matendawa amawononga mbali ya ubongo imene imasiyanitsa usana ndi usiku. Kukada, maso saona bwino, ndiye jekete lopachika pamsomali limasanduka munthu. M'miyezi ya chiperoni, June ndi July, zimayamba msanga chifukwa nkhungu imadetsa kunja nthawi isanakwane.

Yambani ndi thupi, poti abambowa sangathe kunena pamene pakupweteka. Kodi akuchita chimbudzi? Akadutsa masiku atatu, kudzimbidwa kokhako kumawasowetsa mtendere. Nanga mkodzo ukutuluka bwino, kapena ukungodontha? Amuna amsinkhu umenewu kawirikawiri njira ya mkodzo imapanikizika, chikhodzodzo n'kumakhala chodzaza usiku wonse. Ngati mawondo kapena msana ukuwawa, apatseni paracetamol wa 500mg mapiritsi awiri asanagone, koma limodzi lokha ngati ali owonda osafika makilo 50. Ndipo mukaona kuti asintha mwadzidzidzi m'tsiku limodzi kapena awiri, thupi latentha, kapena akungosinza masana, limenelo si vuto la kuiwala chabe. Pitani nawo tsiku lomwelo ku Thyolo District Hospital kapena kuchipatala chapafupi akawayeze malungo, shuga, mkodzo ndi chifuwa.

Tiyi ndi wathu, koma amathawitsa tulo. Kapu yomaliza amwe isanakwane 12 koloko masana. Madzulo phala kapena mkaka wofunda. Madzi azimwa okwanira masana, muchepetse patatsala maola awiri kuti agone. M'mawa aziwothera dzuwa kwa mphindi 30 kapena kupitirira, ndipo apatseni kantchito: kutong'ola chimanga, kusankha nyemba, kuyenda nanu mpaka kudimba. Tulo ta masana tisapitirire theka la ola.

Yatsani nyale kusanade, ndipo kanyale ka sola kaziyaka usiku wonse. Kandulo ndi koloboyi ayi, neti imagwira moto msanga. Mbaula musagone nayo m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji, mpweya wa makala umapha. Ikani ndowa yokodzeramo pafupi ndi bedi kuti asamapite kuchimbudzi chapanja mumdima. Pachitseko mangani belu kapena chitini cha timiyala, loko akhale m'mwamba, ndipo zikwanje ndi makasu zigone kwina.

Akanena za kuntchito musawatsutse kuti munapuma kalekale, chifukwa kwa iwo ntchitoyo ilipodi ndipo mkangano umangowakwiyitsa. Imani kutsogolo kwawo, dzitchuleni dzina, lankhulani motsitsa: “Bambo, kudakali mdima, tayambani mwamwa phala.” Afunseni za antchito amene ankawayang'anira, kapena imbani nawo nyimbo ya kutchalitchi imene amaidziwa. Musawagwire modzidzimutsa, ndipo musawamange.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nkhalamba yopezeka ikuyenda usiku anthu amafulumira kuinena kuti ndi mfiti, ndipo ena aphedwapo m'dziko muno pachifukwa chimenechi. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu ufiti, komabe musadikire. Uzani amfumu, akumpingo ndi oyandikana nawo kuti abambowa akudwala, akawaona aziwabweza kunyumba mwaulemu. Sokererani kansalu ka nambala ya foni mkati mwa jekete lawo.

Inunso mufunika kugona, mayi. Itanitsani ana ndi achibale akuchimuna mugawane masiku, kuti pa sabata mukhale ndi mausiku awiri ogona m'chipinda china.