Achemwali anawo musawatsitse pamiyala opanda nsapato

Achemwali ndaona mwalemba zoti mukupita ndi ana ku Nacala, kudoko la ku Mozambique. Chonde ndapota nanu, mukafika ku Nacala ko anawo musakawalole kutsika pamiyala ya kunyanja opanda nsapato madzi akaphwa. Ndaona ena pokuyankhani akulemba kuti ife a kuchigwa madzi sitiopa, inde zoona, ine ndakulira ku Bangula, bwato ndinayamba kupalasa ndili kamwana ndipo pomwe pabisala ng'ona ndimapadziwa, koma nyanja yamchere ndi nkhani ina abale. Mu Shire chokupha chimakhala chachikulu, umachiona kapena kuchimva. Uko chimakhala pansi pa phazi lako chili duu.

Ine ndinapitako pa thiraki timadikira katundu kudoko, masiku akungopita tilibe chochita, nde kunabwera mnyamata wina wa Chichewa chothyokathyoka akuti ndipatseni kangachepe ndikakuonetseni pomwe timagwira polvo, chinyama cha mnyanja chomwe pachizungu amati octopus. Tinamupatsa ma metikashi, ndalama za kumeneko, ine ndi mnzanga. Madzi akumeneko amachoka kawiri patsiku, amabwerera mmbuyo kusiya miyala poyera kenako pakatha maola ngati 6 adzazanso, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena uli kumdima amapita kutali zedi, pobwera amabweranso mothamanga. Iye zonsezi amazidziwa, wabadwira pomwepo, koma anatitenga mochedwa azimayi akumeneko akutuluka kale ndi ndowa zawo ife nkumalowa. Ndinavala patapata, akuti vula akugwetsa amenewo.

Sindinama zomwe zimatsalira mtimaenje tamadzi pamiyalapo nzodabwitsa. Nkhanu zothamanga chammbali, tina timalowa mchigoba cha nkhono yakufa nkumayenda nacho, tinsomba tamizeremizere, nkhono zomata pamwala zoti ukangoikhudza imakanirira osachokanso olo uikoke bwanji. Polvo yo anaisolola mdzenje ndi kachitsulo, miyendo 8 yonse kumukulunga pamkono, ikusintha mtundu tikuona, kenako inalavula zamadzi zakuda bii.

Tili choyang'ana zimenezo madzi anatembenuka. Funde loyamba linandimenya mmaondo, ndinati ndiponde pabwino phazi linalowa mumng'alu, mmenemo munali chija amati ouriço, chakuda chozungulira ngati kanungu koma minga yake yaitali kuposa chala. Mayo ine. Ululu wake unachoka kuphazi kufika mchiuno nthawi yomweyo, kutentha, thukuta kuti chuu munthu ndili mmadzi. Nditakweza phazi minga ili yoo kuyambira kuchidendene mpaka kuzala, ndinagwira umodzi kuti ndizule unangofumbutuka mmanja, nsonga kutsalira mkati, wina chimodzimodzi, minga imeneyo ndi yofwafwaza sizuka yonse ayi. Magazi akutuluka, mchere ukulowa pabala, kuponda osatheka, madzi afika kale mntchafu ndipo njira yomwe tinadzera yamira sitikuionanso. Mnyamata uja mukudziwa anati chani? Akuti kodzerapo zisiya. Basi. Anatenga polvo yake nkumadumpha miyala ulendo kumtunda osacheuka, ndalama yathu ili mthumba. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa, munthu wotani wosiya alendo mmadzi akudzaza, ukanakhala mwana wake akanatero? Anthu otere amangoona mlendo ngati ndalama basi, ukafa iwo alibe nazo.

Mnzanga ndi amene anandibereka, naye miyendo yonse inachekeka ndi zigoba zakuthwa zomera pamiyala zija, tinagwa kangapo madzi akutikankha, foni yanga inathera pomwepo. Ndimalira mokweza ine bambo wa ana. Kumtunda agogo ena achizimayi amene amasankha nkhono zawo atationa sanafunse zambiri, chilankhulo sitimamvana, anangotereka madzi pamoto nkundiviika phazi mbeseni, madzi otentha oti ukutha kupirira koma osawauka, akazizira kuthiramo ena, pafupifupi ola lathunthu. Ululu unatsika ndithu. Mulungu awadalitse agogo amenewo kulikonse ali. Phazi linali ndi timadontho takuda paliponse, kuchipatala anachotsa yomwe imaoneka nkundibaya jakisoni wa kafumbata, ina inadzatuluka yokha ndi mafinya ndili kwathu kale, nsapato osavala, ntchito inaima ana akudya movutika.

Ndipo kuchipatalako anandiuza kuti ndinali ndi mwayi, pamiyala yomweyo pamakhala nsomba ina yooneka mwala weniweni, imangokhala osasuntha, kumsana ili ndi minga 13 yaululu woti munthu amatha kukomoka ngakhale kufa kumene akachedwa kulandira thandizo. Palinso nkhono zina zokongola zosongoka kumodzi zamaangamaanga, zomwe mwana angathamangire kutola kuti akaonetse anzake kusukulu, ikakhala yamoyo imabaya ndipo poizoni wake ndi woopsa. Nde poti mwati ana anu ndi ang'onoang'ono ine mtima wanga wakana.

Komabe mukafika mpaka kumeneko nkubwerera anawo osaona zimenezi ndiye mwawamana, kwathu kuno sadzaziona, tikudziwa mlamba, mphende ndi dowe basi. Apite koma ndi nsapato zotseka za labala yokhuthala, osati patapata, osati phazi lokha, olo wina akuuzeni chani. Dzanja asalowetse mdzenje lililonse, chigoba chomwe sakuchidziwa asatole. Wa kumeneko aliyense wobwera nkumati ndikuperekezeni musamukhulupirire, makamaka akayamba ndi nkhani ya ndalama. Tsatirani azimayi otola nkhono aja, akamalowa inu lowani pambuyo pawo, mukangoona ayamba kusenza ndowa inunso tulukani osadikira, chifukwa nthawi yamadzi imasuntha tsiku ndi tsiku ndi mphindi ngati 50, ya dzulo si ya lero. Nyanja musaifulatire mukakhala pamwala. Tengani fulasiki ya madzi otentha, wina akabayidwa viikani kaye kenako kuchipatala, zokodzerapo zija ndi bodza ndipo musakumbe ndi singano mungoiphwanyira mkati. Akayamba kubanika kapena kufooka musadikirenso zoviika, thamangani naye.