Yankho kwa alamu pa za digiri ya udokotala wa utsogoleri wa maphunziro

Alamu, mwaswera bwanji uko ku Matero? Uthenga wanu umene munaika m'gulu lathu la banja dzulo usiku ndaumvetsera kawiri, ndipo ndasankha kuyankhira pomwepa osati kumbali, chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso achimwene ndi ana, ndiye ndi bwino aimve ndi makutu awo. Mwafunsa ngati munthu amene ali ndi masitazi (digiri yachiwiri), amene ndi wachiwiri kwa ahedi pa sukulu ya sekondale ndipo zaka zake zapyola 40, angathe kuyamba digiri ya udokotala pa za utsogoleri wa maphunziro popanda kusiya ntchito. Mwafunsanso kuti munthu amayambira pati, zimatenga zaka zingati, komanso ngati sukulu imene mwaiona pa Facebook, yolonjeza udokotala m'chaka chimodzi, ndi yoidalira.

Ya pa Facebook ndiyambe nayo kuti ichoke panjira. Musatumizeko ngakhale ngwee imodzi. Udokotala weniweni umatenga zaka zitatu kwa amene alibe ntchito ina koma kuphunzira basi, ndipo kwa ife ogwira ntchito nthawi zambiri umafika zinayi, zisanu, mwinanso zisanu ndi chimodzi. Yunivesite iliyonse imene si ya boma kuno ku Zambia iyenera kukhala yolembetsedwa ku Higher Education Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro apamwamba la 2013, ndipo digiri yochokera kunja imayamba yadzera ku ZAQA, bungwe la boma lopima masatifiketi a maphunziro, kuti aione ngati ikulingana ndi gawo 10, limene ndi la udokotala pa makwerero a maphunziro a dziko lino. Funsani mabungwe awiriwo musanalipire fizi, chifukwa anzathu ena anakafunsa pepala lili kale m'manja, nauzidwa kuti silidziwika.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufunitsitsa kuti mumve. Mu uthenga wanu mwatchula mayina a mayunivesite, mwatchula ndalama, mwatchula zaka, koma sindinamve funso limene mukufuna kukafufuza, pamene funsolo ndilo limanyamula zina zonsezi. Masitazi munailemba ndi makosi ndi mayeso, kafukufuku akubwera kumapeto ngati ndiwo za pambali. Udokotala suli choncho: kafukufukuyo ndiye nsima yake, ndipo oyesa amafuna kuona kuti mwawonjezera kanthu kamene sikanalembedwepo ndi wina. Kanthuko sikafunika kukhala kakakulu, koma kakhale kanu ndipo kakhale ndi umboni. Munthu amene walowa chifukwa chofuna kutchedwa dokotala basi amatopa chaka chachiwiri, pamene amene walowa chifukwa cha funso lomusowetsa tulo amapezabe chomudzutsa m'mawa.

Mwayi wanu ndi wakuti funsolo mumakhala nalo tsiku ndi tsiku pa ntchito. Kuyambira Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu zake kufikira giredi 12, ana anadzaza m'makalasi, ndipo inu nomwe munatiuza pa Khirisimasi kuti kalasi lina kwanu lili ndi ana oposa 90 ndi madesiki osakwana. Chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000, ndipo owalandira ndi kuwaongolera anali ahedi ndi achiwiri awo. Kale sukulu inkadalira ndalama za makolo kudzera m'PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), lero ikudikira thandizo lochokera ku boma, ndiye mphamvu za ahedi pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zasintha. Mu 2025 kunabweranso silabasi yatsopano imene inabwezera ma Fomu ku sekondale. Pa zonsezi pali mafunso ochuluka, koma musatenge mutu wonga wakuti utsogoleri wa sukulu mu Zambia, chifukwa umenewo ndi munda umene simungaumalize kulima. Tengani kachigawo kamodzi, monga kakuti achiwiri kwa ahedi m'sukulu za sekondale za m'makomboni a Lusaka amayang'anira bwanji kaphunzitsidwe pamene makalasi akula chonchi, nthawi yawo ikuthera kuti, ndipo ndi ntchito iti imene aisiya. Limenelo ndi funso lakuti mungalifufuze ndi ndalama ya minibasi, ndipo yankho lake likhoza kuthandiza ofesi ya DEBS, amene ndi mkulu wa maphunziro wa distirikiti.

Funso likakhalapo, m'pamene mumayang'ana kopita. Ku University of Zambia, pa Great East Road, School of Education ili ndi dipatimenti ya Educational Administration and Policy Studies, imene ntchito yake ndi nkhani zomwezi za kayendetsedwe ka sukulu ndi malamulo a maphunziro. Alipo ena amene amaphunzira ali kuno ndi yunivesite ya UNISA ya ku Pretoria, ku South Africa, ndipo ena amayesa mwayi wa thandizo la ndalama za maphunziro la Commonwealth Scholarship lopitira ku Britain, ngakhale kuti umenewo umalimbiranidwa kwambiri ndipo ungafune kuti musiye ana kwa zaka. Mudzamvanso za mitundu iwiri, PhD ndi EdD. PhD imatsamira pa kafukufuku wozama ndipo imayenera kwambiri munthu wofuna kudzaphunzitsa pa yunivesite, pamene EdD inakonzedwera anthu amene ali kale pa ntchito, imakonda kuyamba ndi makosi, ndipo kafukufuku wake amalunjika pa vuto la pa ntchito pomwepo. Zonse ziwiri ndi udokotala, ndiye sankhani malinga ndi kumene mukufuna kukakhala zaka khumi zikubwerazi.

Mapepala ofunsira malo savuta: masatifiketi a digiri yoyamba ndi masitazi pamodzi ndi zotsatira zake, mbiri ya ntchito yanu, makalata a anthu okuchitirani umboni, ndi kapepala ka masamba ochepa kofotokoza chimene mukufuna kufufuza, chifukwa chake ndi njira imene mudzatsate. Kapepala kameneko ndiko kamawerengedwa kwenikweni. Chimene chimavuta, ndipo anthu sachiganizira mokwanira, ndi supavaiza, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu. Munthu ameneyu mudzayenda naye zaka zonsezo, ndipo mutu uliwonse wa thesisi yanu, buku la kafukufukulo, sudzapita patsogolo iye asanavomere. Musanatumize fomu, werengani zimene aphunzitsi a m'dipatimentiyo analemba, pezani amene nkhani zake zayandikana ndi yanu, mumulembere kalata yaifupi yaulemu, ndipo ngati n'kotheka chezani ndi ophunzira ake akale muwafunse kuti ankabwezera ntchito patapita nthawi yaitali bwanji. Ine pochita udokotala wanga sindinachite zimenezi. Ndinasangalala kupatsidwa munthu wa dzina lomveka, koma anali ndi ophunzira ambiri ndi maulendo osatha, moti mutu wanga wachiwiri unakhala pa tebulo lake miyezi isanu ine ndikuopa kukumbutsa. Nditalimba mtima n'kupempha kuti tizikumana kamodzi pamwezi, n'kumalemba zimene tagwirizana ndi kumutumizira tsiku lomwelo, ntchito inayamba kuyenda. Ulemu wathu wa kwa akulu ndi wabwino, alamu, koma pa nkhani iyi kukhala chete kunandidyera theka la chaka.

Mukalandiridwa, chaka choyamba chimathera pa puropozo, imene ndi mitu itatu: vuto ndi mafunso anu, zimene ena analemba kale, ndi njira ya kafukufuku. Mumaiteteza pamaso pa aphunzitsi a m'dipatimenti, kenako imapita ku komiti yoona kuti anthu amene mudzawafunse sadzalakwiridwa, ndipo musanalandire chilolezo cha komitiyo simuyenera kufunsa munthu ngakhale mmodzi. Pambuyo pake mumafunika kalata ya ku unduna wa zamaphunziro, yodzera kwa PEO, mkulu wa maphunziro wa chigawo, ndi kwa DEBS, kuti ahedi akutsegulireni zitseko. Pano ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chokhudza inu makamaka. Musachite kafukufuku pa sukulu yanu yomwe, chifukwa mphunzitsi amene mumamulembera lipoti la ntchito sangakuuzeni zoona za utsogoleri wa pamenepo, adzangonena zokukondweretsani, ndipo oyesa adzaona msanga. Pitani ku sukulu za ku Kanyama, Chawama kapena Chelstone kumene sakuonani ngati bwana, ndipo mupite nthawi ya temu koma osati ya mayeso a Examinations Council of Zambia, pamene ahedi sapeza ndi mpata womwera tiyi.

Za ndalama, mitengo mukaifunse ku yunivesite komweko chifukwa imasintha chaka ndi chaka, koma powerengera musaiwale zimene sizili pa pepala la fizi: mabando a intaneti, maulendo, kusindikiza, kulipira komiti ija, ndi kumanga mabuku kumapeto. Werengerani zaka zisanu, osati zitatu, kuti chaka chowonjezera chisadzakupezeni mulibe kanthu. Ine ndinalipira fizi zambiri ndi chilimba cha kuntchito, ndikupempha anzanga kuti nthawi yanga yolandira izigwera mwezi wolembetsa. Tchuthi cha maphunziro chimapemphedwa kudzera kwa ahedi ndi DEBS, ndipo ngati mungachipeze cha chaka chimodzi chokha, chisungireni nthawi yolemba zotsatira, osati ya kumayambiriro.

Kumene anthu ambiri amagwera ndi pakati, atatolera kale mayankho, matepi ndi mapepala zitadzaza katoni, koma kulemba kusakuyambika. Palibe belu limene limalira, palibe tsiku la mayeso, ndiye mwezi umatha, temu imatha, fizi ikulipiridwa. Ine ndinkadzuka 4 koloko m'mawa n'kulemba maola awiri ana asanadzuke, masiku asanu pa sabata, ndipo tsamba limodzi patsiku ndinkaliyesa lokwanira. Pamene amayi anadwala ku Katete, mukukumbukira, ndinaima miyezi inayi, ndipo chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinalembera yunivesite kupempha kupuma mwalamulo m'malo mongosowa. Mavuto a malaiti aja tinawaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akuphunzitseni kusunga ntchito yanu malo atatu, pa kompyuta, pa fulashi ndi pa imelo, ndipo mabuku onse amene mukuwerenga muziwalowetsa mu Zotero kapena Mendeley, mapulogalamu a pa kompyuta osungira mndandanda wa mabuku, kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kusaka tsamba la buku limene munawerenga zaka zitatu zapitazo kumapweteka mtima. Musalole munthu aliyense kukulemberani mutu ngakhale umodzi, kaya akulonjezani zotani. Mayunivesite amapima ntchito ndi Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera kwa ena, ndipo ngakhale itadutsa pamenepo, tsiku la vaiva, mayeso a pakamwa oteteza thesisi, mudzakhala nokha.

Kumapetoko, mayunivesite ambiri amafuna kuti mukhale mutasindikiza nkhani imodzi kapena ziwiri m'majenolo ovomerezeka, amene ndi magazini a kafukufuku, ndipo pewani aja okulemberani imelo kuti lipirani lero tisindikize sabata yamawa. Thesisi imatumizidwa kwa oyesa, wina wa m'yunivesite momwemo, ena akunja kwake, ndipo malipoti awo angatenge miyezi. Kenako m'vaiva amakufunsani chifukwa chimene munasankhira sukulu zimenezo, chifukwa chimene munafunsira anthu ochuluka choncho, ndi chatsopano chimene mwapeza. Pafupifupi aliyense amatuluka ndi zokonza, ndipo zimenezo sikulephera ayi, koma zichiteni msanga mutu ukadali wotentha.

Chinthu china ndinene poyera, chifukwa ndimakukondani ndipo sindifuna mudzakhumudwe. Digiri imeneyi payokha sikupatsani uhedi kapena mpando wa DEBS mwezi wotsatira, popeza kukwezedwa kumadzera ku Teaching Service Commission, bungwe lolemba ndi kukweza aphunzitsi a boma, ndipo kumadikira malo. Chimene imatsegula ndi mwayi wophunzitsa pa yunivesite kapena koleji, wochita kafukufuku, ndi woitanidwa pamene malamulo a maphunziro akukambidwa. Ine chimene ndinapindula koposa n'chakuti ndikamva munthu akunena kuti sukulu yakutiyakuti yagwa chifukwa cha ahedi, ndimadziwa mafunso oyenera kufunsa ndisanavomereze.

Achimwene, ndikudziwa kuti mukumvetsera. Alamu akayamba, Loweruka lawo silidzakhalanso la kumsika ndi kuchapa, ndipo maliro ndi maukwati ena mudzapita nokha kukaimira banja, choncho mugwirizane tsopano, fomu isanalembedwe. Alamu, Loweruka likubwerali ndidzakhala pakhomo masana onse. Bwerani ndi disetesheni yanu ya masitazi ndi tsamba limodzi lokha limene mwalembapo zinthu zitatu zokuvutitsani maganizo pa ntchito yanu, ndipo tidzakhala pansi kusankhapo chimodzi.