Za Walter Payton ndi homuweki ya mwana wanuyo

Achemwali, zimene mwamvazo si miseche ya anthu ansanje ayi. Mnyamata wanu wasankha Walter Payton, katswiri wa mpira wa ku America uja wonyamula m'manja, kuti ndiye bambo wachitsanzo pa homuweki yake, inu mwamva za chibwenzi ndi mwana wakunja, ndiye mwasowa mtengo wogwira kuti mumuuze kapena ayi. Ine ndikuyankhani ngati munthu amene anakhalapo pampando wa Connie, mkazi wa Walter, ngakhale malemu bambo a ana anga mpira umenewu ankangoonera pa TV atavala jezi yawo ya nambala 34, nambala ya Walter.

Munthuyo tisamulande zake. Pabwalo analibe mnzake. Anakulira ku Columbia, katauni ka ku Mississippi, nthawi imene ana akuda ndi ana a azungu ankaphunzira masukulu osiyana. Atachoka ku yunivesite ya Jackson State, a timu ya Chicago Bears anamutenga mu 1975, ndipo anasewera zaka 13 ngati running back, ntchito yonyamula mpira n'kukalowa nawo dala pakati pa zimphona zofuna kukuthyola nthiti. Zaka zonsezo anajomba gemu imodzi yokha. Imodzi! Imeneyonso anachita kumuletsa ndi makochi chifukwa cha kakolo, iye akukakamira zolowa. Mu 1977 anathamanga mayadi 275 pa gemu imodzi ndi Minnesota Vikings thupi likutentha ndi chimfine. Mu 1984 anaposa rekodi ya Jim Brown ya mayadi ochuluka othamanga ndi mpira, ndipo popuma anali ndi mayadi 16,726, omwe palibe anawafika mpaka Emmitt Smith mu 2002. Ngakhale tsiku lomwe Bears inatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha mpirawu, mu Januwale 1986, pokwapula New England Patriots 46 kwa 10, kochi Mike Ditka anapereka mpata wa touchdown, chigoli cha mpirawu, kwa wosewera mnzake William Perry, Walter n'kutsala wopanda kanthu. Zinamuwawa, ndipo Ditka mwiniwake anadzavomera kuti pamenepo anamulakwira. Zonsezi ndinaziloweza osafuna, chifukwa bambo a kwathu ankazibwereza Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, n'kumauza ana kuti mwamuna weniweni ndi ameneyu.

Ndiye mu 2011 mtolankhani Jeff Pearlman anatulutsa buku la moyo wake, Chicago yonse inawira. Bukulo linati Walter ndi Connie, omwe anakwatirana mu 1976, anatha zaka zambiri akukhala kosiyana koma ukwati osathetsa, kuti panali mkazi wina wa nthawi yaitali, kuti panalinso mwana wamwamuna wobadwira kunja amene sankamuonetsa poyera, komanso kuti atasiya mpira ankamwa kwambiri mankhwala opha ululu ndipo nthawi zina ankalankhula zodzipha. Ditka anati mlembiyo atamuona akhoza kumulavulira. A pabanja pake anangoti munthuyo sanali wangwiro, zina m'bukumo n'zoona, zina ayi. Koma ine chomwe chinandiimitsa mutu ndi cha mu 1993 ku Canton, Ohio, tsiku lomulowetsa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a mpirawu. Jarrett, mwana wake wa zaka 12, anaima kutsogolo kuyamikira bambo ake, anthu akupukuta misozi. Malinga ndi bukulo, mkazi wa ukwati anali pomwepo, wachibwenzinso anali pomwepo, ndipo panali anthu amene ntchito yawo tsikulo inali kuonetsetsa kuti awiriwa asaphulitse nkhani. Ndiye kuti analipo odziwa. Amakhalapo nthawi zonse odziwa.

Kwa ine zinachitikira m'holo ya kutchalitchi. Bambo a kwathu anali mkulu wa mpingo, munthu woti wina akafika kumene kuchokera kumudzi amakamutenga ku eyapoti usiku, kumugoneka pa sofa yathu, kumupezera ntchito. Aliyense ankati mayi inu munachita mwayi. Impso zitasiya kugwira ntchito, ndine ndinkawaperekeza ku dialysis, kosefa magazi ndi makina, m'mawa, n'kukagwira shifiti ya masana yosamalira okalamba, nthawi zina n'kuphatikiza ya usiku kuti lendi ndi mabilu zisatipitirire. Ndinkawasambitsa, ndinkawaphikira zopanda mchere iwo akunyinyirika. Atamwalira tinachita mwambo woti anthu adzapepese komanso kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Ine ndinali nditakhala kutsogolo pansi pa chithunzi chawo, chitenje kumutu, maso atatupa. Chapakati pa nyimbo chitseko chinatseguka, kunalowa mayi wina wamtali wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zakuda zoposa zanga mwini maliro, atagwira kamnyamata kofanana msinkhu ndi mwana wanga womaliza. Sindinafune munthu wondiuza. Mphumi yomweyo, makutu omwewo, mpata wa m'mano womwewo. Ndinadziuza kuti mwina ndi mwana wa achibale, magazi amafanana. Kenako kamwanako kanamusiya mayi ake, kanathamanga pakati pa mipando n'kukadziponya pamiyendo pa alamu anga, mlongo wawo wa malemu, kakufuula kuti anti! Alamu anga anakanyamula, anakapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kukatchula dzina. Dzina la apongozi anga aamuna, lomwe ine anandikaniza pa mwana wanga woyamba ati silinafike nthawi yake.

Nyimbo sinaime. Amayi a kwaya anangotsitsa maso m'mabuku awo, mmodzimmodzi, ndipo m'mene anawatsitsiramo ndinadziwa kuti holo yonse imadziwa kupatula ine ndi ana anga. Mayi wina amene ndinamugonekapo pabalaza panga miyezi ali wosowa pogwira anadzuka n'kukamupatsa mlendoyo mpando mzere wachiwiri, kumbuyo kwanga kwenikweni. Ndinkamva mafuta ake onunkhira. Ndinkamva akufwenthera. Mwana wanga wamkazi anandinong'oneza kuti amama, ameneyu ndani akulira kuposa ife? Ndinangomufinya dzanja. Mbale ya chipepeso ikuyenda, anthu akubwera kudzandigwira chanza, ine pakamwa pauma gwa, ndikuyankha zikomo, zikomo, osadziwa n'komwe amene ndikumuthokoza.

Malemuwo ndinawakwiyira, inde, koma munthu ali m'bokosi ungamufunse chiyani? Amene sindinawakhululukire mpaka lero ndi alamu angawo. Usiku womwewo m'khitchini mwanga, akudya nsima ya ufa wanga, ndinawafunsa kuti munadziwa liti. Ati kalekale, kungoti sitinkafuna kukupwetekani. Ati mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, inu chofunika n'choti ankabwera kudzagona kwanu. Ati musachititse manyazi dzina la achimwene, anthu amawalemekeza. Dzina! Ine msana unapindika ndi kunyamula okalamba a eni ake kuti achimwene awowo apeze mankhwala, kumeneko ndalama zina zikutuluka kukalipira nyumba ina, iwo akudziwa, akupita kumabefide a mwanayo, akubwera kwanga kudzanditcha mlamu wabwino. Ankhoswe kumudzi nditawaimbira, akuti banja ndi kupirira, poti mwini wake wapita tingozisiya. Abusa nawo akuti tiyang'ane zabwino zimene anachita. Ndipo nditapita kukafunsa za inshulansi ya kuntchito kwawo, ndinapeza kuti dzina langa analichotsapo kalekale. Ndalama yotumizira thupi ndinamalizitsa ndi ngongole, ndipo amene anakwera ndege atakhala ngati mwini maliro wamkulu ndi alamu omwewo, tikiti yogula ine.

Ndiye ndikamva anthu akutukwana mtolankhani uja kuti anaipitsa dzina la wakufa, magazi anga amathamanga. Analiipitsa ndani dzinalo? Wolemba, kapena wochita? Onani mathero ake. Mu Febuluwale 1999 Walter anaima pamaso pa atolankhani atawonda, anthu atayamba kale kunong'onezana kuti mwina ndi edzi, n'kuulula akulira kuti ali ndi matenda osowa a chiwindi otseka njira za ndulu. Ankadikira chiwindi cha munthu wina, koma khansa inalowa m'njira za ndulumo, mwayi womuika china n'kutha. Anakathera kuti? Kunyumba ya banja ku South Barrington, m'manja mwa Connie yemweyo ndi ana ake, Jarrett ndi Brittney, mnzake wa mu timu Matt Suhey akuthandiza kumuyendetsa. Anamwalira pa 1 Novembala 1999 asanakwanitse n'komwe zaka 50. Zikavuta amabwerera kwa amene anamuchititsa manyazi uja, ndipo iye amatsegula chitseko. Lero mphotho ya NFL, ligi ya mpirawu, ya wosewera wothandiza anthu imatchedwa Walter Payton Man of the Year, ku Chicago kuli sekondale ya dzina lake, chiboliboli chake chili pa bwalo la mpira la Soldier Field. Amene anasunga nyumba zaka zonsezo akumwetulira pa kamera, chiboliboli chake chili kuti?

Sindikuti anali chilombo. Miyezi yake yomaliza anaigwiritsa ntchito kupempha anthu kuti azilembetsa zopereka ziwalo akamwalira, iye akudziwa kuti mwini wake sapindula nazo. Bambo ake anafera m'chitokosi cha apolisi ku Mississippi mu 1978, atawagwira powaganizira kuti aledzera pomwe kunali kudwala. Munthu wonyamula zotere mumtima, kuwonjeza kugundidwa mutu zaka 13, sindingadabwe kuti mpira utatha anasowa pokhazikika. Bambo a kwathunso anthu amene anawathandiza anawathandizadi, si zongopeka. Kungoti ubwino wa panja ngongole yake amalipira ndi wa m'nyumba, ndipo sapatsidwa lisiti.

Tsono za mwana wanuyo. Musamuuze. Ndikudziwa kuti ndangotha kutukwana anthu ondibisira, koma mnyamata wa pulayimale mukamuuza za zibwenzi za munthu amene anamwalira iye asanabadwe, mwapindulanji? Musiyeni alembe za gemu imodzi yojomba ija, za phiri la ku Arlington Heights lomwe Walter ankathamangapo kukwera ndi kutsika mpaka anzake omutsatira kusanza, za zopereka ziwalo. Zimenezo n'zoona ndipo n'zokwanira kudzaza mapeji awiri. Chomwe mungachite, muuzeni asinthe mutu, alembe kuti wosewera wachitsanzo, mawu oti bambo wachitsanzo awachotse, akakufunsani chifukwa mungoti za m'nyumba mwa eni sitizidziwa. Anga mpaka pano wamng'onoyo sindinamuuze bwinobwino, chithunzi cha bambo ake chikadali pakhoma pabalaza ndipo ndimachipukuta ndine. Wamkuluyo anazitulukira yekha pa Facebook, anakhala osandilankhula nthawi yaitali ati ndinamunamiza, ndiye mwina wanuyo akadzafika ku sekondale mudzamuuze nokha asanazipeze pa Google, chifukwa akangolemba dzinalo zonse zili poyera.

Ndipo poti mwafunsa za mwamuna wa eni, inenso ndikufunseni za kwanu. Pepala la inshulansi ya bambo a kunyumba munaliona ndi maso anu? Dzina lolembedwa pa 401(k) yawo, thumba la ndalama za penshoni lija, ndi la ndani? Musafufuze foni yawo, mudzangodwala BP, ine sindinafufuzepo ndipo zaka zimenezo ndinkagona tulo. Koma mapepala okhawo awatulutse sabata ino, muwerenge nokha, mujambule ndi foni musunge. Akayamba zoti simukundikhulupirira, muwauze kuti ndakutumani ndine.