Funsani Wojambula: "Agogo athu asanduka mlendo pachithunzi"

Ndinagwira kamera nthawi imene tinkatumiza filimu kukatsukitsa n'kudikira sabata yathunthu, mtima uli m'mwamba, kuti tione ngati mkwatibwi sanaphethire. Masiku ano makalata ambiri amene ndikulandira sakufunsanso za kamera. Akufunsa zimene zimachitika chithunzi chikalowa m'foni kapena m'kompyuta. Mwezi uno ndasankhapo asanu.

FUNSO: Bambo wojambula, ndalemba Folomu 4 ndipo ndikufuna kuyamba kukonza zithunzi kuti ndizipeza ya sopo. Anzanga akuti popanda Photoshop palibe chimene ndingachite, ndipo wina akuti andiikira yaulere pa laputopu ya achimwene anga. Ndivomere?
Mnyamata wa ku Chilinde, Lilongwe

YANKHO: Mwanawe, usavomere. Photoshop yaulere ya pa laputopu kulibe. Kuyambira 2013 kampani ya Adobe imalipiritsa mwezi ndi mwezi, m'madola, ndipo iwenso ukudziwa mmene madola akusowera. Imene mnzakoyo wanyamula pa fulashi ndi yobedwa, ndipo zoterezi kawirikawiri zimabwera ndi mavayirasi. Laputopuyo ndi ya eni ake. Ikafa, ukayankha chiyani kwa achimwene?

Yamba ndi zimene eni ake anazipereka ulere. Pa laputopu ika GIMP. Anaiyamba mu 1995 ndi ophunzira awiri a ku Berkeley ku America, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo mpaka lero salipiritsa. Ukaidawuniloda kamodzi, imagwira ntchito popanda bandulo. Photopea imatseguka pa intaneti, imafanana kwambiri ndi Photoshop, ndipo imatsegula mafayilo a Photoshop, otchedwa PSD, amene makasitomala ena adzakubweretsere. Pa foni pali Snapseed ya Google. Ine zithunzi zambiri za pa chinkhoswe ndimazikonzera momwemo ndili m'minibasi pobwerera kunyumba.

Mwezi woyamba uphunzire zinthu zitatu zokha. Kudula chithunzi kuti chiime bwino, khoma la tchalitchi lisapendekeke. Kukonza kuwala ndi Curves, kamzere kamene umakapinda kuti malo amdima kapena owala asinthe. Ndi kugwira ntchito pa ma layer, kuti chilichonse chimene wasintha chikhale ngati pa pepala lakelake loyalidwa pamwamba pa chithunzi, ukalakwitsa ungochotsa pepalalo. Photoshop yomwe ukuilirayo, ya abale awiri Thomas ndi John Knoll, inatuluka mu 1990 n'kutha zaka zinayi ilibe ma layer, koma anthu ankadyera momwemo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi anamanga ukwati mu October. Zithunzi zabwera koma sindikumuzindikira. Wayera ngati amadzola mafuta oyeretsa khungu, nkhope yasalala ngati chidole cha m'sitolo. Wojambula akuti ndi mmene anthu akufunira masiku ano. Kodi zingabwerere mwakale?
Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Nkhani yonse yagona pa chinthu chimodzi: kodi wojambulayo anasunga zithunzi mmene zinatulukira m'kamera, asanazigwire? Ngati anasunga, mwana wanu abwerera. Pitani mukamupemphe ma original, ndipo mukafunse ngati anajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera inaona, osati mu JPEG wamba. Chithunzi cha JPEG chimasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, kuchoka pa mdima kufika poyera. RAW ya makamera ambiri a masiku ano imasunga 4,096 kapena 16,384. JPEG ndi nsima yophikaphika, mungathe kungoitenthetsa. RAW ndi ufa.

Chimene chinachitika ndikuchidziwa, chifukwa ndakumana nacho pa maukwati osawerengeka. Dzuwa la October lili ng'aa, diresi yoyera mbee, mkwatibwi wakuda bwino. Kamera ikaona kuyera kochuluka chonchi imachepetsa kuwala, nkhope n'kulowa mumdima. Wokonza waulesi amangokoka Brightness ya chithunzi chonse. Diresi imapsa, maluwa a lesi n'kuzimiririka, nkhope n'kutuwa ngati wasamba phulusa. Akadinanso kabatani kosalaza khungu, chatuluka chidole mukunenachi.

Ine ndimayambira pa diresi. Ndimatsitsa Highlights, kuwala kwa malo owala kwambiri, mpaka ulusi wa lesi uyambe kuoneka. Kenako ndimasankha nkhope, khosi ndi manja okha, pa kompyuta ndi mask, mu Snapseed ndi Selective, n'kukweza kuwala pang'onopang'ono mpaka maso aoneke, osapitirira apo. Manja musawaiwale. Zithunzi zambiri za ukwati zimagwidwa bodza pa chala cha mphete: nkhope yoyera, dzanja la mwini wake. Ndikatero ndimaona White Balance. Pansi pa tenti yabuluu kapena pansi pa mtengo wa mango khungu limatenga mtundu wa chimene chili pamwamba pake, ndiye ndimaloza kachida koyezera mtundu pa malaya oyera a mkwati kuti pulogalamu idziwe kuti kuyera kwenikweni ndi kumeneku. Khungu lathu lili ndi kufiirira kwake mkati. Kukachoka kumeneko, munthu amaoneka wodwala.

Vutoli si la lero. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi mayi wachizungu, lotchedwa Shirley card, kuti aziyezerapo mitundu ya makina awo. Khungu la mzunguyo likatuluka bwino, ankati makina ali bwino. Makhadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Filimu inkatidetsa, tsopano mafoni ena akubwera ndi beauty mode yoyatsiratu, akutiyeretsa. Owerenga, lowani mu kamera ya foni yanu muizimitse.

Sindingamuweruze kwambiri mnzangayo, chifukwa ine ndemwe ndinachitapo. Nditangogula kompyuta yanga yoyamba ndinakonza alubamu ya ukwati wina, ndikusalaza aliyense mpaka makwinya a ankhoswe. Nditakapereka, azakhali a mkwati anatsegula masamba onse mwakachetechete, kenako anatseka n'kundifunsa kuti, "Zikomo bambo, nanga za apongozi athu mubweretsa liti?" Ndinatsukanso alubamu yonse ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kuyambira tsiku limenelo ndimachotsa zokhazo zimene zikanachoka zokha pakatha masabata awiri: chiphuphu, thukuta, fumbi pa suti, ulusi pa velo. Chipsera, mphini, kadontho ka patsaya ndi mpata wa m'mano ndi za mwini wake. Sindizigwira pokhapokha atandipempha yekha.

Ngati wojambulayo anafufuta ma original, khungu lingabwezedweko mtundu pang'ono, koma timabowo ndi timizere ta pankhope timene anasalaza tinapita. Zikatero funsani achibale amene anajambula ndi mafoni tsikulo.

FUNSO: Tili ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo athu aamuna, chimene anajambulitsa ali ku Joni nthawi ya Wenela. Ndi chaching'ono, chothyoka pakati komanso chofwifwa. Tikufuna kuchikulitsa pa mwambo wa chiliza. Mdzukulu wina anachiika mu Remini, pulogalamu ya pa foni yowalitsa zithunzi zakale, chatuluka chowala bwino, koma amayi anga akuti amenewo si bambo awo. Talakwitsa pati?
Bambo wa ku Ntcheu

YANKHO: Bambo, amayi anu akunena zoona. Mapulogalamu otere saona zimene zinafufutika pachithunzi. Anaphunzitsidwa pa nkhope za anthu ambirimbiri, ndiye akapeza diso losaoneka bwino amaikapo diso longoganizira. Mphuno imawongoka, milomo imasintha, makwinya amachoka. Kwa mdzukulu amene sanawaone agogowo, chithunzicho ndi chokongola. Kwa mwana wawo, pakhoma pakhala mlendo.

Bwererani ku pepala lenilenilo. Musalimate selotepi, ndipo musalole aliyense kulichita lamineti, chifukwa pulasitikiyo ikamatirira sichokanso popanda kuwononga. Kalisikaneni pa sikana yagalasi, ndipo mukanene nokha kuti mukufuna 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), chifukwa mukangokhala chete ambiri amasikana ngati kalata. Masamu ake ndi awa: chithunzi cha mainchesi 3.5 ndi 2.5 chikasikanidwa pa 600 dpi chimapereka mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 2,100 ndi 1,500, okwana kutsuka cha mainchesi 7 ndi 5 chakuthwa bwinobwino. Ngati mukufuna chachikulu kuposa apo, akweze kufika 1,200. Ngakhale chili chakuda ndi choyera, asikane ngati chamitundu, madontho achikasu amachoka mosavuta akamaoneka mtundu wake. Fayiloyo isungidwe ngati TIFF kapena PNG, ndipo kope limodzi likhale losagwidwa. Sikana ikasowa, yalani chithunzicho pakhonde pamthunzi, zimitsani fulashi ya foni, foniyo iyang'ane pansi molunjika.

Kukonza kwenikweni ndi ntchito ya munthu wosathamanga. Yambani ndi Levels. Muona kaphiri ka mizere, kotchedwa histogram. Pa chithunzi chofwifwa kaphiriko kamaunjikana pakati, kumbali zonse kuli mbee. Kokani kachizindikiro kakuda kufika pamene kaphiri kayambira, koyera kufika pamene kathera. Nthawi zambiri apa pokha jekete limada, kolala n'kuyera, munthu n'kutulukira ngati wachoka mu nkhungu. Mzere wothyokawo muulondole pang'onopang'ono mutakulitsa chithunzi pa sikirini. Clone imakopera malo amene mwasankha ndendende n'kuwamata pena, ndipo ndi yabwino m'mphepete mwa jekete kapena chipewa. Healing imakopera n'kusakaniza ndi kuwala kwa pamalopo, ndiye imayenera pa tsaya ndi pa nsalu ya kumbuyo. Burashi ikhale yaing'ono, yongoposa mng'aluwo pang'ono. Ngati mng'alu wadutsa pa diso, musabwereke diso linalo n'kulitembenuza. Maso a munthu safanana, ndipo achibale amazindikira msanga ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Chithunzi chotere chimanditengera madzulo awiri kapena atatu, magetsi akalola. Musanatsukitse, kaonetseni amayi anuwo pa foni. Akati "eya, ndi iwowa", lekerani pomwepo, ngakhale patatsala timadontho.

FUNSO: Chithunzi chimaoneka bwino pa foni, koma tikatsukitsa chachikulu chimatuluka timabokositimabokosi. Wotsuka akuti vuto ndi lathu. Zoona?
Mlembi wa kwaya, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, ngati chinadutsa pa WhatsApp, wotsukayo sakunama. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo zimene yataya sizibwerera. Kuti chithunzi chituluke bwino pa A4 chimafuna mapikiselo pafupifupi 2,480 ndi 3,508. Chaching'ono cha mu alubamu, cha mainchesi 4 ndi 6, chimafuna 1,200 ndi 1,800. Uzani amene anajambula atumize ngati Document, osati ngati chithunzi wamba. Kabatani ka HD kamene anaikamo mu 2023 kamathandizako, koma nakonso kamafinya. Screenshot ndiye musayerekeze n'komwe. Ndipo JPEG mukamaitsegula, kusintha, kusunga, kusinthanso, kusunganso, imaonongeka ulendo uliwonse. Chikwangwani cha nsalu chopachika kutsogolo kwa holo sichivuta kwambiri, poti anthu amachionera patali.

FUNSO: Pali chithunzi chimene ndinatuluka bwino kwambiri ku nyanja ku Mangochi, koma pambali panga pali munthu amene tinasiyana. Ndingamuchotse? Kodi si bodza?
Mtsikana wa ku Zomba

YANKHO: Chemwali, alubamu ndi yanu, mchotseni. Bodza limayamba pamene chithunzi chikuimira umboni. Cha pasipoti kapena chiphaso sichigwidwa nkhope m'pang'ono pomwe. Cha m'nyuzipepala nachonso ayi: mu March 2024 mabungwe a nkhani a AP, Reuters ndi AFP anabweza chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ali ndi ana ake, ataona kuti chinasinthidwa, mpaka mwini wake anapepesa. Chanucho ndi cha pa status basi.

Mwayi wanu ndi woti kumbuyo kuli madzi ndi mchenga, zimene Healing ya mu Snapseed imazikwanitsa. Musamufufute ndi mkwapulo umodzi. Kulitsani chithunzi, muzichotsa pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowera kwa inu, ndipo muonetsetse kuti mzere umene nyanja yakumana ndi thambo wakhalabe wowongoka. Mukatha, fufuzani zinthu zitatu zimene anthu amaiwala: mthunzi wake pamchenga, nkhope yake m'magalasi anu a dzuwa, ndi zala zake paphewa panu. Chaka chatha mtsikana wina anandibweretsera chotere atakonza yekha, mnyamatayo atachoka bwinobwino, koma zala zinayi zitatsala pa bulauzi. Ngati dzanjalo lagwira pa nsalu ya maluwa, musavutike nalo. Dulani chithunzicho cham'khosi, chikhale cha nkhope ndi nyanja.