Golide Pafupi ndi Injini, Matabwa M'thupi la Galimoto

Funso: Akonzi, ine ndi mnzanga takhala tikutsutsana. Iye akuti ku Britain kuli galimoto yaliwiro imene anaiika golide, ndiponso ina imene amaipanga ndi matabwa mpaka lero. Kodi ndi zoona, kapena akungondinamiza? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mnzanuyo sanakunamizeni, ngakhale nkhaniyo waithira ndiwo pang'ono. Galimoto ya golideyo ndi McLaren F1, imene anaionetsa koyamba m'chaka cha 1992. Golide wake si wodzitamira ayi. Thupi la galimotoyi ndi la carbon fibre, chipangizo chopepuka koma cholimba kwambiri, ndipo pofuna kuliteteza ku kutentha kwa injini, amisiri anamata golide wopyapyala ngati pepala m'chipinda cha injini, popeza golide amabweza kutentha bwino kwambiri. Amene anaijambula ndi Gordon Murray, wobadwira ku Durban m'dziko la South Africa, ndipo iyeyu anachitanso chinthu chimene ambiri sakhulupirira mpaka ataona chithunzi: anaika mpando wa woyendetsa pakati penipeni, okwera awiri n'kukhala uku ndi uku, chakumbuyo pang'ono. Anapanga galimoto 106 zokha, ndipo mu 1998 imodzi mwa izo inathamanga makilomita 386 pa ola. Koma injini yake, ya masilinda 12, inachokera ku kampani ya BMW ya ku Germany.

Ya matabwayo ndi Morgan, ya m'tauni ya Malvern. Apa mpamene mnzanu wawonjezera. Tchesisi yake, maziko amene amanyamula galimoto yonse, ndi yachitsulo. Chimene akalipentala amapala ndi manja, kuchokera ku mtengo wotchedwa ash, ndi mafelemu amene amagwira thupi la galimotoyo.

Funso: Kodi dzina lakuti Aston Martin ndi la munthu? Nanga makampani a galimoto a ku Britain ngati imeneyi akadali m'manja mwa Angerezi? Wowerenga wa ku Mzuzu.

Yankho: Theka la dzinalo ndi la munthu, theka linalo ndi la phiri. Kampaniyi anaiyambitsa ndi Lionel Martin pamodzi ndi Robert Bamford mu 1913, ndipo Martin ankachita mipikisano yokwera chitunda cha Aston Hill ku Buckinghamshire. Zilembo za DB zimene mumaziona pa galimoto zawo zikuimira David Brown, wamalonda wopanga magiya ndi mathirakitala, amene anagula kampaniyi mu 1947. Kunena zoona, chimene chinatchukitsa dzinali padziko lonse si mpikisano koma kanema, pamene James Bond anayendetsa DB5 mu Goldfinger m'chaka cha 1964.

Nkhani ya mayina ili ndi zambiri. Jaguar poyamba inkatchedwa SS Cars, koma mu 1945 eni ake anasintha dzinalo, chifukwa zilembo ziwirizo zinkakumbutsa anthu za gulu lankhanza la asilikali a Hitler.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limawawa Angerezi ena. Bentley, imene inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France kasanu pakati pa 1924 ndi 1930, yakhala ya Volkswagen kuyambira 1998. Jaguar inagulidwa ndi Tata Motors ya ku India mu 2008, ndipo gawo lalikulu la Lotus linapita ku Geely ya ku China mu 2017. Ngakhale Aston Martin, imene yagwapo pachuma kangapo, inapulumutsidwa mu 2020 ndi gulu la amalonda lotsogozedwa ndi Lawrence Stroll wa ku Canada.

Komabe, m'kuona kwathu, kunena kuti galimotozi zinasiya kukhala za ku Britain n'kupitirira muyezo. Ndalama zikuchokera kunja, koma amisiri osoka zikopa za mipando ya Bentley akadali ku Crewe, likulu la Aston Martin likadali ku Gaydon, ndipo McLaren iliyonse yamsewu imalumikizidwabe ndi manja ku Woking.