Pini ya trigger ikamasololoka, yambani mwaona sipuling'i

Pa imelo pafika kalata yochokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America. Ali ndi mfuti ya AR-15 yomwe anagula mwalamulo ndipo Loweruka amakawombera chandamale. Akuti mwezi wathawu anamasula trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, kuti atsuke, n'kubwezeretsa. Kuyambira pamenepo, akangowombera zipolopolo makumi angapo, pini ya trigger imayamba kusuzumira mbali imodzi. Akaikankha ndi chala imalowa, pakapita nthawi yatulukanso. Ndiye akufunsa ngati bowo lakula, komanso ngati agule mapini aja omanga ndi tisikuluwu.

Achimwene, choyamba n'chakuti mfutiyo musawomberenso mpaka vutoli litatha. Pini imeneyi sinyamula trigger yokha ayi, imanyamulanso kachitsulo kotchedwa disconnector, kamene kamagwira hamala (chitsulo chomenya kuti chipolopolo chiphulike) mukangowombera chala chikadali chokoka. Piniyo ikachoka m'bowo la mbali imodzi, zonsezi zimapendama. Mfuti ikhoza kungokana, koma ikhozanso kulira inu musanafune, ndipo pamalo owomberapo pamakhala anthu kumanja ndi kumanzere kwanu. Kukankha ndi chala kuja n'kumene kwandidetsa nkhawa m'kalata yanu yonse.

Tsopano za bowo. Ine sindikukhulupirira kuti lakula, chifukwa mwanena nokha kuti vuto layamba mutamasula n'kubwezeretsa. Lower receiver, thupi lam'munsi lija momwe mumakhala trigger ndi magazini, nthawi zambiri imakhala ya aluminiyamu wolimba wa 7075-T6, ndipo bowo lake silingakule pa Loweruka limodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti pini imagwira chifukwa chothina m'bowo ngati msomali m'thabwa. Si mmene Eugene Stoner ndi anzake a ku ArmaLite anaikonzera mfutiyi cham'ma 1950 kumapeto. Pini imayenera kulowa mosavuta, mwina ndi kakugogoda pang'ono chabe. Chimene chimaigwira ndi sipuling'i. Ikani piniyo pachikhatho muione bwino: ili ndi tingalande tiwiri toizungulira, kena pakati, kena chakunsonga. Mapini alipo awiri, ya hamala ndi ya trigger, ndipo ndi ofanana, koma iliyonse imagwiritsa kangalande kake. M'kati mwa hamala muli kawaya kopindika ngati chilembo J, ndipo kameneka kamagwera m'kangalande kapakati. Ya trigger ilibe kawaya koteroko. Iyo imadalira miyendo iwiri ya sipuling'i ya hamala, yomwe imagona pamwamba pake, mwendo umodzi n'kukhala m'kangalande kakunsonga. Basi, palibenso china. Kamwendo ka waya kameneko ndi kamene kamasunga pini pamene mfuti yonse ikugwedezeka.

Choncho chotsani magazini, onetsetsani ndi maso komanso ndi chala kuti mulibe chipolopolo, lekanitsani mfuti pawiri, muyang'ane m'kati muli ndi tochi. Miyendo ija ili pamwamba pa pini kapena pansi? Apa m'pamene ambiri amaphonya. Pobwezeretsa, munthu amaika hamala n'kusiya miyendo itatsamira pansi pa receiver, kunsi kwa pini. Mfuti imawomberabe, n'chifukwa chake cholakwikacho sichidziwika msanga, koma pini ilibe woigwira. Kwina mwendo umakhala pamwamba ndithu koma uli pambali pa kangalande, osagweramo. Kwinanso sipuling'i yonse imavekedwa chagada pa hamala, ndiye imakhala yofooka. Chizindikiro chake n'chakuti nthawi zina hamala imamenya koma chipolopolo osaphulika, mukachitulutsa n'kupeza kachidindo kosazama. Ngati zimenezi zakuchitikiranipo masabata amenewa, musafufuzenso kutali.

Onaninso kangalandeko. Ngati kadzaza litsiro louma, kapena m'mphepete mwake mwaperepeseka, mwendo umatsetsereka. Pini yatsopano ndi sipuling'i yatsopano n'zotsika mtengo kwambiri.

Pali kukula kuwiri kwa mapini komwe muyenera kukudziwa. Ambiri ndi a mainchesi 0.154, pafupifupi mamilimita 3.9. Koma kampani ya Colt, kwa zaka zambiri kuyambira cham'ma 1990, inkaika mapini aakulu a mainchesi 0.170 pa mfuti zogulitsa kwa anthu wamba. Kusiyana kwake n'kosakwana theka la milimita, diso silingakuuzeni bwino, koma pini yaing'ono m'bowo lalikulu imagwedera. Ngati yanu ndi Colt yakale ndipo munasinthako zitsulo potsuka paja, pimani.

Mwina mwaonanso kuti pini imazungulira pang'ono pamalo pake. Kuzungulira ndi kusololoka n'zosiyana. Kuzungulirako n'kwachibadwa, ingodonthezerani kamafuta.

Mapini omanga ndi tisikuluwu, monga amene amapanga a KNS Precision, sindidana nawo. Ali ndi malo ake. Ma trigger ena amabwera omangiratu m'kabokosi kamodzi, ngati a Timney kapena CMC, ndipo mmenemo miyendo ya sipuling'i sifika pa pini, choncho pamafunikadi njira ina yoigwirira. Tsatirani zimene wopangayo walemba. Mfuti za zipolopolo za 9mm zomangidwa pa thupi la AR zimamenya hamala mwamphamvu kuposa za zipolopolo za 5.56, ndipo eni ake ambiri amaziika mapini oterewa. Koma kwa inu, amene muli ndi trigger wamba, kuwagula musanayang'ane sipuling'i kuli ngati kumata mng'alu wa nyumba osaona maziko. Pini idzasiya kutuluka, inde, koma sipuling'i yolakwika idzakhala momwemo, hamala n'kumamenyabe mofooka. Komanso tisikuluwu timamasuka tokha ngati simunatipake guluu wake, ndiye mwangowonjezera chinthu china choti muzichiyang'anira.

Nanga bowo likakhala kuti lakuladi? Zimachitika, makamaka pa mfuti zowomberedwa kwambiri kapena za thupi la pulasitiki. Mudzaona bowo litasanduka ngati dzira, utoto wakuda utachoka m'mphepete, pini n'kumasewera m'mwamba ndi pansi. Pamenepo pitani kwa katswiri wokonza mfuti akapime. Alipo mapini okulirapo pang'ono opangidwira vuto lomweli. Chonde musaboole, musakhome ndi chitsulo kuti bowo lichepe. Mtunda wapakati pa mabowo awiriwa ndi umene umachititsa kuti hamala ndi trigger zikolane moyenera, ukasuntha pang'ono mfuti yasanduka yoopsa. Kumbukiraninso kuti pa malamulo a America, lower receiver yomwe ili ndi nambala ija ndiyo imawerengedwa kuti mfuti, choncho kugula ina m'sitolo n'kudzera kwa wogulitsa wa laisensi ndi mapepala ake onse.

Mukakonza, yesani mfuti ilibe kanthu. Itchereni, ikani pa safe (kachitsulo kotseka kuti isawombe), kokani trigger, hamala isagwe. Chotsani safe, kokani, igwe, koma ngati mfuti ili pawiri muilandire ndi chala kuti isamenye khoma la receiver. Chala chikadali chokoka, bwezani hamala kumbuyo, kenako tayani trigger pang'onopang'ono. Mumve kulira kamodzi kuti tha, hamala n'kukhala pomwepo. Bwerezani kangapo. Ikagwa yokha ngakhale kamodzi, musaikemo chipolopolo, ipite kwa katswiri. Ndipo mundilemberenso, ndikufunitsitsa kumva kumene mwaipeza miyendo ija.