Bwana akuti mwana wanga wa autism alembe yekha kalata yosiya ntchito

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu, yemwe ali ndi autism (kakulidwe ka ubongo komwe kamakhudza momwe munthu amalankhulirana ndi kucheza ndi ena), amagwira ntchito mosungira katundu pa golosale ina, ndipo bwana wamuuza kuti popeza sakugwirizana ndi anzake, alembe yekha kalata yosiya ntchito kuti achoke mwaulemu. Amalume ake akuti angolemba.

Asalembe, ndipo asasaine pepala lililonse musanaliwerenge limodzi.

Milandu yambiri yotere ndaiona ikufera pomwepa. Munthu akachotsedwa ntchito, gawo 61 la lamulo la zantchito la Employment Act ya 2000 limati bwana ndiye apereke chifukwa, ndipo akalephera, khoti limagamula kuti anamuchotsa mopanda chilungamo. Gawo 57 limafunanso kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Koma akangolemba yekha kuti "ndasiya", mtolo wonse umagwera iye: ayenera kutsimikizira khoti, potsatira gawo 60, kuti khalidwe la bwana ndilo linamuthamangitsa. Zimatheka, koma n'zovuta ngati mu ofesimo munali anthu awiri okha, chitseko chili chotseka. Komanso anthu ambiri a autism amamva mawu monga momwe anenedwera. Bwana akati "lemba apa", iwo amalemba poyesa kuti ndi lamulo. Amalumewo akufuna mtendere, ndamva, koma mtendere wawowo ukulanda mphwawo chomenyera nkhondo.

Kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali n'koletsedwa ndi gawo 5 la lamulo lomweli, komanso gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino. Sindikulonjeza kuti khoti lidzapeza tsankho apa. Zambiri zidzadalira umboni woti bwanayo ankadziwa za autism ya mwanayu.

Ndiye sabata ino alembere bwana kalata ina, osati yosiya ntchito, aphatikize lipoti la dokotala, apemphe zomwe zingamuthandize, monga malangizo olembedwa papepala ndi malo opanda phokoso. Kope musunge kunyumba. Akaitanidwa mu ofesi, apemphe kulowa ndi munthu wina.

Akamuchotsa, ali ndi miyezi 3 yokha yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Kumeneko musakhutire ndi "mubwere mawa". Perekani dandaulo lolembedwa ndipo akudindireni tsiku pa kope lanu. Pakatha mwezi osathetsa nkhaniyo, mutha kupita ku khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Ngati ndalama za loya palibe, yambirani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya.

Mundiuzenso ngati akadali pa probation (nthawi yoyesedwa pantchito), chifukwa pamenepo chitetezo chake chimachepa.